Inshuwalansi ya matenda aakulu: ndilowe kapena ndisiye?

Nabanda (Matawale): Odi pa gulu pano, mwaswera bwanji nonse? Pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata ino, ndiye ndati ndiitule pano poti mutu umodzi susenza denga. Lachiwiri kusukulu kwathu kunabwera mnyamata wa kampani ina ya inshuwalansi. Anatisonkhanitsa nthawi ya buleki n'kuyamba kutiuza za inshuwalansi ya matenda aakulu, yomwe iye amangoitchula kuti critical illness. Akuti ukapezeka ndi khansa, sitiroko kapena vuto lalikulu la mtima, amakupatsa ndalama zonse kamodzi, iwe uli moyo. Aphunzitsi anzanga ena anakana pomwepo, ati kumeneko ndi kudziitanira minyama. Ine ndinangokhala chete, chifukwa maganizo anga anali kwa achimwene anga a ku Chinamwali aja. Ambiri mukudziwa. Anagwa m'bafa m'mawa wina chaka chatha akukonzekera kupita kuntchito. Titawanyamula, pakamwa panali patapotoka, dzanja lamanja ndi mwendo zitafa. Ali moyo, tikuyamika Mulungu, koma lole sadzayendetsanso. Alamu anga pano amadzuka 4 koloko kukazinga mandasi, ndipo mwana wawo wamkulu anamuchotsa kusukulu yogonera komweko. Ine ndili ndi ana atatu, bambo awo anatisiya mu 2019, ndipo malipiro angawa ndi omwe amadyetsanso amayi ku Jali. Ndithandizeni maganizo. Ndilowe, kapena ndi njira chabe yotidyera ndalama?

Che Jafali: Pepani ndi matenda achemwali. Koma ine anthu a inshuwalansi sindiwakhulupirira. Potenga ndalama amabwera okha mpaka pakhomo, koma tsiku lolipira mumawasaka ndinu. Ndalama imeneyo bwanji osangoiika ku banki mkhonde, pomwe mukuiona ndi maso anu?

Mphatso: Ine ndili ndi nkhani yake pa zimenezi, ndilemba ndikaweruka. Koma amayi, musasayine kaye chilichonse.

Esinati: Anabanda, achimwenewo akupitabe ku mafizo? Musawasiyitse, miyezi yoyambirira ndi chaka choyamba ndiye pamene thupi limaphunziranso.

Nabanda (Matawale): Amapita asisi, koma mwa apo ndi apo. Njinga ya kabaza sangakwere, ndiye pamafunika galimoto ya hayala ulendo uliwonse. Mwezi ukavuta amangokhala.

A Chisale: Ndakuwerengani nonse. Ndinagwirapo ntchito m'maofesi a inshuwalansi ku Blantyre ndisanapume n'kubwerera kuno ku Kalimbuka, ndiye ndiloleni ndiyankhule motalikirako. Sindikugulitsa kanthu, ntchitoyo ndinaisiya kalekale.

Choyamba tisiyanitse zinthu zomwe anthu amaziphatikiza. Pali sikimu ya chipatala, monga MASM, yomwe imalipira dokotala, mankhwala ndi bedi. Ndalama yake imapita kuchipatala, inu simuigwira. Pali inshuwalansi ya moyo ndi ya maliro, zomwe zimalipira inu mutagona kale m'bokosi. Ndiye pali iyi ya matenda aakulu. Iyi siyang'ana bilu ya kuchipatala ayi. Dokotala akatsimikiza kuti mwapezeka ndi limodzi mwa matenda omwe analembedwa pa pepala lanu, kampani imakupatsani ndalama yomwe munagwirizana, yonse kamodzi, ndipo chochita nayo ndi chanu. Mukhoza kulipira lendi, fizi, hayala ya ku mafizo, kubweza ngongole ya ku banki, kapena kutsegulira akazi anu okala.

Mwina simudziwa kuti ganizo limeneli silinachokere kwa anthu a malonda. Linachokera kwa dokotala wa opaleshoni ya mtima wa ku South Africa, Marius Barnard, mng'ono wake wa Christiaan Barnard amene anasamutsa mtima wa munthu n'kuuika mwa munthu wina koyamba pa dziko lonse mu 1967 ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Marius anali nawo m'gulu la madokotala tsiku limenelo. Chimene chinkamuwawa n'chakuti ankachiritsa anthu, koma akawaonanso patapita miyezi ankapeza kuti ntchito inatha, ngongole zawazinga, ena abwerera kuntchito thupi lisanachire chifukwa ana akufuna kudya. Anakakamira makampani mpaka mu 1983 kampani ya Crusader Life inayamba kugulitsa inshuwalansi yoyamba yotere. Inkakhudza zinthu zinayi zokha: khansa, sitiroko, mtima kugwidwa mwadzidzidzi, ndi opaleshoni yolambalalitsa mitsempha ya mtima yomwe yatsekeka. Lero makampani anaonjezera zina monga impso kusiya kugwira ntchito, khungu, ndi kufa ziwalo, koma cholinga chake chikadali chomwecho. Ndi ndalama ya munthu amene wapulumuka.

Anabanda, nkhani ya achimwene anu ndi yomwe dokotala uja ankaiona. Ndikufunseni, kuntchito kwawo anawalipira kwa nthawi yaitali bwanji atagwa?

Nabanda (Matawale): Mwezi woyamba analandira zonse bambo. Miyezi iwiri yotsatira theka. Kenako anawaitana n'kuwauza kuti sangawasungenso.

A Chisale: Ndimayembekezera yankho lomwelo. Lamulo la ntchito la 2000 limanena kuti munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata anayi pa malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro, pa chaka. Mabwana ena achifundo amapitirira pamenepo, koma lamulo limathera pompo. Masabata 12. Sitiroko sichira m'masabata 12. Khansa sichira m'masabata 12. Dzenje lomwe lili pakati pa sabata ya 12 ndi tsiku lomwe munthu adzathenso kupeza ndalama, ngati lidzafike n'komwe, ndi lomwe inshuwalansi iyi imafuna kukwirira. A m'boma muli ndi malamulo anuanu a tchuthi cha matenda, ndiye inu kafunseni ku ofesi kwanu kuti amakusungani nthawi yaitali bwanji.

Che Jafali: Koma bambo Chisale, chipatala cha boma ndi chaulere. Ndikadwala ndipita pa Zomba Central pomwepa, sadzandifunsa khobidi.

Mayi a Chisomo: Che Jafali, ndiloleni ndikuyankheni ine, chifukwa ndinadutsamo. Zoona, kuchipatala cha boma sitinalipire. Koma amuna anga impso zitasiya kugwira ntchito ankafunika kukatsukidwa magazi pa makina kawiri pa sabata, ku Blantyre. Muwerengere nokha. Minibasi ya anthu awiri, popeza munthu wochoka pa makina aja sangayende yekha, miyendo imakhala ikunjenjemera. Tikatsika mu Limbe, ina yopitira kuchipatala. Chakudya cha panjira, ndipo si chilichonse, anawaletsa mchere, nthochi ndi zina zambiri. Ine tsiku limenelo benchi langa la kaunjika lotseka. Masiku awiri pa sabata, sabata iliyonse, kwa chaka ndi miyezi inayi. Ndimakumbukira tsiku lina tikubwerera, mvula ikugwa, tinatsika pa depoti ndilibe ndi ya kabaza yomwe. Ndinawakhazika pa khonde la sitolo, ndinavula chitenje n'kuwafunditsa, ine n'kuyamba kuimbira anthu mmodzimmodzi kuti anditumizire kangachepe pa Mpamba. Tinagulitsa filiji, kenako puloti ya ku Thondwe yomwe tinkati tidzamangapo. Iwo anatisiyabe. Inshuwalansi ya maliro ya kuntchito kwawo inalipira bokosi labwino kwambiri, ndipo ndinalira nditaliona, chifukwa ndalama imeneyo ikanabwera ali moyo ikanatiyendetsa miyezi ingapo. Ndiye mukamati chaulere, ndi bedi ndi dokotala zomwe zili zaulere. Zina zonse zimachoka m'nyumba.

Che Jafali: Pepani kwambiri mayi. Sindinalankhule ndi cholinga chokupwetekani.

Mayi a Chisomo: Palibe kanthu achimwene, inenso ndinkaganiza chimodzimodzi zisanandigwere.

Esinati: Zomwe anena mayi a Chisomo ndimaziona tsiku ndi tsiku mu wodi. Odikirira matenda amagona pansi pa bedi, amaphika ku khitchini ya magadiyani ndi ufa womwe achoka nawo kumudzi, ndipo kumudziko munda umakhala ukumera tchire. Wodwala m'modzi amachotsa anthu awiri pa ntchito. Makina otsuka magazi m'zipatala za boma anthu akhala akuwapeza ku Queens ndi ku Kamuzu Central, ndipo kwa zaka zambiri odwala khansa ofunika kuwotchedwa ndi makina ankadikira pa mndandanda wopita kunja, ambiri ku India. Amene ali ndi ndalama m'manja amakhala ndi mwayi wosankha. Amene alibe amadikira.

Mphatso: Ndaweruka tsopano. Ine ndikufuna ndinene mbali inayo, chifukwa bambo anga anali nayo inshuwalansi imeneyi ndipo sanalandire ngakhale tambala.

Analowa kudzera mwa ejenti amene anabwera ku ofesi kwawo, ngati mmene zachitikira kwa amayi Nabanda. Fomu inali ndi mafunso a zaumoyo tsamba lonse. Ejentiyo anati musavutike madala, ndikulemberani, inu mungosayina. Pa funso la BP anachonga kuti ayi. Chonsecho bambo anali akumwa mankhwala a BP kwa zaka, zinalembedwa m'buku lawo la kuchipatala. Analipira mokhulupirika zaka zitatu, ndalama ikudulidwa pa malipiro. Atadwala mtima, kampani inaitanitsa buku la kuchipatala lija n'kuona masiku. Kalata yomwe inabwera inali ya ndime ziwiri: munabisa matenda, mgwirizano wathetsedwa. Ejenti uja anali atasiya kale ntchito. Ndinawaona bambo atakhala pa mpando wa pakhonde, kalata ili pa bondo, akuiwerenga kachitatu ndi chala ngati mwina mawu asintha. Sananame iwo, koma siginecha inali yawo.

Ndiye amayi, ngati mulowe, cholembera chikhale m'dzanja lanu.

A Chisale: Mwanawe Mphatso, wanena chinthu chomwe chimagwetsa anthu ambiri kuposa china chilichonse, ndipo ndikupepesa chifukwa ndinaonapo makalata otere akulembedwa. Mukaulula kuti muli ndi BP kapena shuga, kampani ikhoza kukweza ndalama yolipira pamwezi, ikhoza kuchotsa matenda a mtima pa mndandanda wanu, kapena kukukanani. Zonsezo ndi zowawa, koma mumadziwa pomwe mwaima. Mukabisa, mumalipira zaka zambiri pepala lopanda ntchito. Kodi munakadandaula kwina kulikonse?

Mphatso: Ayi bambo, sitinkadziwa kuti kuli kokadandaula.

A Chisale: Kuliko. Makampani onse a inshuwalansi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo kumeneko kuli ofesi yolandira madandaulo a makasitomala. Mumayamba mwalembera kampaniyo, ikakuyankhani zosakukhutiritsani mumapita kumeneko ndi makalata onse. Sindikukulonjeza kuti mukapambana, poti siginecha ndi ya bambo, koma nkhani ya ejenti wodzazira anthu mafomu ndi yoyenera kuti aimve.

Tsopano Anabanda, pali misampha ina yomwe mnyamata uja mwina sanaitchule nthawi ya buleki. Dzina la matenda pa pepala lotsatsa malonda si tanthauzo la matenda pa mgwirizano. Akalemba kuti khansa, nthawi zambiri khansa yomwe yangoyamba kumene, isanalowerere m'thupi, saiwerengera kapena amalipira gawo lochepa. Akalemba kuti sitiroko, amafuna yomwe yasiya chilema chooneka, osati kaja kamangogwira munthu kwa maola ochepa n'kumusiya. Palinso nthawi yodikira, kawirikawiri miyezi itatu kuchokera tsiku lolowa, ndipo mukapezeka ndi matenda mkati mwa nthawi imeneyo salipira. Kenako pali lamulo lina lomwe anthu amadabwa nalo, lakuti muyenera kukhalabe ndi moyo masiku angapo matenda atapezeka, ena amati 14, ena mpaka 30. Mukamwalira masikuwo asanakwane, ndalama ya matenda aakulu situluka.

Mufunsenso ngati ikuima payokha kapena yamangiriridwa ku inshuwalansi ya moyo. Ikakhala yomangirira, zimachitika kuti ndalama yomwe mwalandira mukudwala imachotsedwa pa yomwe ana anu akanadzalandira inu mutapita. Ndipo dziwani kuti iyi si yosunga ndalama. Mukakhala zaka 20 osadwala, palibe chomwe mudzabwezeredwe, pokhapokha pepala litanena mosiyana.

Esinati: Ndionjezere chimodzi bambo Chisale, poti ndi nkhani ya kwathu kuno. Afunse za HIV mosabisa mawu. Mapepala ambiri akale ankakana kulipira khansa ya pakhungu ya Kaposi kapena matenda ena ngati munthu ali ndi kachilombo. Anthu athu ambiri ali pa ma ARV ndipo ali ndi thanzi, akugwira ntchito, akulera ana. Ayenera kudziwa asanalipire ngati pepalalo likuwawerengera kapena ayi.

Che Jafali: Mwaonatu. Misampha yonseyi, ndiye munthu alowerenji? Ndipo pali china chomwe simunanene. Ndalama yathuyi imasungunuka. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Ine mpunga ndimagula kwa alimi a ku Chilwa, ndinaona mtengo wa hayala ukusintha sabata yomweyo. Munthu amene anagwirizana K5 miliyoni zimenezi zisanachitike, lero ndalamayo ingamufikitse ku India? Ngakhale tikiti ya anthu awiri ndi malo ogona zikhoza kuimaliza.

A Chisale: Apa Che Jafali mwalasa, ndipo sindikutsutsani. Ndi chifukwa chake munthu afunse ngati ndalama yolonjezedwayo imakwera chaka ndi chaka. Makampani ena amalola, koma yolipira pamwezi nayonso imakwera. Koma ine ndimati tisaiyese ndi ulendo wa ku India. Tiiyese ndi nyumba. Anabanda atenge pepala alembe zomwe nyumba yawo imadya pamwezi, lendi, ufa, magetsi, madzi, fizi, ndi za amayi ku Jali. Achulukitse ndi 12. Ngati ndalama yomwe akulonjezedwa ingasunge nyumbayo kwa chaka iwo ali chigonere, ndiye ili ndi ntchito. Ngati ingathe m'miyezi iwiri pomwe ikuwadya mwezi uliwonse, bola banki mkhonde yanu ija.

Koma banki mkhonde nayo ili ndi malire ake. Mumatenga molingana ndi zomwe mwaponya, ndipo ngongole yake imafuna chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi. Munthu amene waponya miyezi isanu n'kugwa, amapeza za miyezi isanu. Inshuwalansi ndi yosiyana chifukwa anthu ambiri osadwala amasonkhera ochepa omwe adwala.

Nabanda (Matawale): Ndiye mukutanthauza kuti si aliyense amene akuifuna?

A Chisale: Si aliyense ayi. Mnyamata amene sanakwatire, palibe amene akudya m'manja mwake, akhoza kudikira, ngakhale kuti akalowa ali wamng'ono amalipira zochepa poti mtengo umakwera ndi zaka komanso fodya. Banja lomwe onse awiri amalandira, nyumba ndi yawo, ali ndi nyumba ina ya lendi, likhoza kupirira chaka chimodzi popanda iyo. Munthu amene malipiro ake sakwana ndi ufa womwe asadzimane chakudya chifukwa cha pepala, popeza akalephera kulipira miyezi ingapo mgwirizano umafa ndipo zonse zomwe anaponya zimapita. Koma mayi amene ali yekha, ana atatu, gogo kumudzi, m'banja muli kale mbiri ya sitiroko, ameneyo ndi amene dokotala Barnard ankamuganizira. Kunena mosapsatira, inuyo ndikanakhala mlongo wanu ndikanati ganizirani mozama, koma musanagule, fufuzani zomwe muli nazo kale. Lamulo la penshoni limakakamiza olemba ntchito kugulira antchito awo inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi, ndipo mabwana ena amaonjezerapo ya kulumala kapena ya matenda aakulu antchito osadziwa. Ngongole zambiri za ku banki nazo zimakhala ndi inshuwalansi yomwe imatseka ngongoleyo munthu akamwalira kapena akalumala kotheratu.

Nabanda (Matawale): Imani kaye bambo. Achimwene anga ali ndi ngongole ya ku banki yomwe anatenga pogula malata. Alamu akhala akuibweza ndi ndalama ya mandasi. Mukuti mwina siyofunika kubweza?

A Chisale: Sindinganene ndisanaone pepala. Koma auzeni alamu anu afufuze fomu ya ngongoleyo, ayang'ane ngati pali ndalama yomwe inadulidwa ya inshuwalansi ya ngongole ija, yomwe amaitchula kuti credit life. Ngati ilipo, ndipo ikutchula kulumala, apite ku banki ndi kalata ya dokotala. Asachedwe, chifukwa ambiri amaika malire a nthawi yokadziwitsa. Akafuna ndiwaperekeze ndipita nawo.

Mayi a Chisomo: Zimenezi bwenzi wina atandiuza ine nthawi ija.

Esinati: Anabanda, ine pempho langa ndi limodzi, mulowe kapena musalowe. Achimwene anu anagwa ndi sitiroko, ndiye inu BP yanu munayezetsa liti? Imapha mwakachetechete, munthu osamva kupweteka kulikonse. Ndipo khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ikutenga amayi ambiri m'dziko muno, amayeza ulere m'zipatala za boma, mphindi zochepa chabe, ndipo ikapezeka isanakhwime amathana nayo. Katemera wa HPV, woteteza atsikana ku khansa imeneyi, anayamba kuyesedwa kuno ku Zomba ndi ku Rumphi mu 2013, asanafalikire dziko lonse mu 2019. Mwana wanu wamkazi uja analandira?

Nabanda (Matawale): Tadala analandira kusukulu. Koma ine BP sindinayezetse chibadwire mwana womalizayu, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ndipo ndikuvomera asisi, nditamva zomwe wanena Mphatso ndinayamba kuganiza kuti bola ndisayezetse kaye, kuti pa fomupo ndikalembe kuti ayi ndi mtima woyera.

Esinati: Ayi amayi, chonde musatero. Mukufuna ana adzalandire ndalama inu mutafa mbali imodzi, kapena mukufuna muzimwa kam'bulu kamodzi m'mawa n'kumapitabe kukaphunzitsa? Ndili pa ntchito Lachisanu m'mawa. Bwerani musanadye, tiyezeretu ndi shuga.

Mphatso: Ndipo makampani ena amakutumizani kwa dokotala wawo musanalowe, ndiye zimadziwikabe.

Che Jafali: Lachisanulo nanenso ndibwera ndisanapite ku Juma. Mutu wakhala ukundiwawa kumbuyoku masiku ano, ndimangoti ndi dzuwa la pamsika.

Nabanda (Matawale): Chabwino, ndamva. Mnyamata uja anati abweranso Lolemba ndi mafomu. Ndimuuza kuti sindisayina tsiku limenelo, andipatse kaye mgwirizano wonse, osati kapepala kokongola kaja, ndipite nawo kunyumba. Bambo Chisale, ndingabwere nawo Loweruka lotsatira kuti tidzawerengere limodzi? Ndibwera ndi alamu anga ndi fomu ya ngongole ija ngati aipeza, akuti mapepala onse a achimwene ali m'chikwama chakuda pamwamba pa wadiropu.

A Chisale: Bwerani masana, cha m'ma 2 koloko, m'mawa ndimakhala kumunda. Mutenge buku lanu la kuchipatala ndi zotsatira za Lachisanu, komanso payslip yanu yaposachedwa kuti tione zomwe akukudulani kale. Mukafika pa mphambano ya ku Kalimbuka mundiimbire, nditumiza mdzukulu adzakutengeni.